Mlandu umene amayi anausenza popanda kupalamula

Ku Dedza mwana akafika zaka zinayi osayankhula, n'kumatseka makutu chigayo chikamalira, maso onse amakhala pa mayi. Ena amati ndi tsempho, ena amati alipo wakhwimira mwanayo. Koma nthawi zina imakhala autism, mkhalidwe wobadwa nawo umene umachititsa munthu kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi ena. Kuloza mayi chala kumeneku kuli ndi mbiri yaitali, ngakhale kwa madokotala.

Mu 1943 dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore analemba za ana 11 okhala ndi autism, anyamata 8 ndi atsikana 3. Chaka chotsatira dokotala Hans Asperger wa ku Vienna anafotokoza za anyamata anayi a mkhalidwe wofananawo. Kanner anaona kuti makolo ambiri a anawa anali a phee, osakonda zocheza, ndipo mphekesera inakula yoti mayi wouma mtima ndiye amawononga mwana. Bruno Bettelheim, wolemba mabuku a zamaganizo ku America, anaifalitsa kwambiri m'zaka za m'ma 1960. Amayi ambirimbiri anakalamba akudziimba mlandu, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Mu 1977 madokotala Susan Folstein ndi Michael Rutter anafufuza mapasa ku Britain, napeza kuti autism imayenda kwambiri m'magazi. Ndiye kuti ena mwa makolo aja sanali ouma mtima ayi, anabadwa ngati ana awo omwewo.

Nanga bwanji amayi okhala ndi autism sadziwika ali ana? Zizindikiro zinalembedwa poyang'ana anyamata, pomwe mtsikana amaphunzira msanga kutengera anzake ndi kubisa. Kwathu kuno mwambo umamuphimbanso. Mtsikana wosayang'ana akulu m'maso timati ngwaulemu. Wosalongolola, anamkungwi amamuyamikira. Amakwatiwa, amabereka, koma akachoka ku ukwati kapena pamaliro amafika kunyumba mutu uli gwa, osafuna kumva mawu a munthu, apongozi n'kumati ngwonyada.

Tsono mayi wa ku Linthipe kapena ku Mtakataka amapita ndi mwana kwa adokotala ku Lilongwe. Amamufunsa kuti: "Mayi, kodi mwanayu amadana ndi phokoso? Amavutika zinthu zikasintha mwadzidzidzi? Amakana zakudya zina?" Iye akuyankha za mwana, koma mumtima akuti, "Zonsezi ndine." Amakumbukira mmene ankabisalira kuseri kwa nkhokwe anzake akusewera fulaye.

Mayi wotere akanena zimenezi, womuyeza mwanayo amumvetsere mpaka amalize, ndipo amuuze kumene naye angakayezedwe.