Hina weniweni sadetsa tsitsi

Amayi ambiri amene amabwera ku saluni atanyamula paketi ya hina amafuna kubisa imvi popanda mankhwala owotcha m'mutu. Maganizowo ndi abwino, koma zomwe zili m'mapaketi ambiri si hina yekha ayi.

Hina ndi masamba a kamtengo kotchedwa Lawsonia inermis, kamene kamalimidwa kwambiri ku Sojat m'chigawo cha Rajasthan ku India, komanso ku Sudan, Egypt ndi Yemen. Masambawo amawaumitsa n'kuwapera, ndipo ufa wake umakhala wobiriwira, wafungo la udzu wouma. M'masambamo muli utoto wotchedwa lawsone umene umakanirira pa tsitsi, moti ukagwira suchoka ndi sopo. Utotowu ndi wamtundu umodzi basi, wofiira mopita ku olenji. Pa tsitsi lakuda suoneka kwenikweni, umangonyezimira mofiirira mukaima padzuwa. Pa imvi m'pamene umaonekera, imvizo zimafiira psuu.

Ndiye mukaona paketi yolembedwa Black Henna, yolonjeza tsitsi lakuda bii m'mphindi 20, dziwani kuti athiramo zina. Kawirikawiri amakhala mankhwala otchedwa PPD, omwe amapezekanso mu dayi wamba, koma m'mapaketi oterewa nthawi zambiri salemba kuchuluka kwake. Ndaonapo zotsatira zake ndipo zimandimvetsa chisoni: pakapita tsiku limodzi kapena awiri munthu amayamba kuyabwa, kuseri kwa makutu ndi pachipumi kumatuluka matuza ochucha madzi, zikope zimatupa mpaka maso kutsekeka. Thupi likadana ndi PPD limadana naye mpaka kalekale, ndipo dayi wakuda wa m'bokosi amadzakudwalitsani nthawi iliyonse mukamuyesa.

Wofuna imvi zide ndi masamba okhaokha amafunika ufa wachiwiri wa indigo. Mumayamba ndi hina, mukatsuka mumapaka indigo pamwamba pake, ndipo kufiira kuja kukakumana ndi buluu wa indigo kumabereka mtundu woderako mpaka wakuda. Indigo sachedwa kutha mphamvu, choncho musakanize pomwe mukufuna kupaka.

Hina ndiye amafuna kudekha. Sakanizani ufa ndi madzi ofunda, osati owira, kapena tiyi wopanda mkaka, mufinyiremo ndimu pang'ono, zikhale ngati phala lolimbirako. Vindikirani ndi pulasitiki mpaka pamwamba pake padere, zomwe zimatenga maola angapo, mwina usiku wonse nyengo yozizira. Musachulutse ndimu chifukwa amaumitsa tsitsi. Pakani Vaseline m'mphepete mwa tsitsi ndi m'makutu, valani magolovesi, gawani tsitsi m'mizere n'kumata kuyambira kumizu. Mukatero valani jumbo kumutu kuti phalalo lisaume, mudikire maola 2 mpaka 4. Potsuka musaumire madzi, popeza tsitsi lathu lopotana limasunga timisere ta ufa tomwe timayabwa. Mukadziona pagalasi tsiku loyamba musade nkhawa ndi kuwala kwa olenjiyo, mtunduwo umakhwima n'kuderako pakatha masiku awiri kapena atatu.

Ngakhale paketi ilembedwe kuti ndi yachilengedwe, yesani kaye kadontho kuseri kwa khutu, mudikire maola 48. Yesaninso pa tsitsi lotsalira m'chipeso kuti muone mtundu womwe utuluke.

Amene munaongola tsitsi ndi relaxer, dikirani masabata awiri musanapake hina, ndipo mukatsuka muthire conditioner wokwanira chifukwa tsitsi limauma gwa. Mukadzafuna dayi wina mtsogolo, muuzeni wokukonzani tsitsi kuti munapakapo hina. Mapaketi ena amasakaniza ndi mankhwala azitsulo amene amayambana ndi peroxide wa mu dayi, tsitsi n'kutentha, n'kumathothoka.

Chomwe ndimakana kwamtuwagalu ndi kupaka hina makanda ndi ana aang'ono, kumutu kapena m'manja. Pali vuto lobadwa nalo la magazi lotchedwa G6PD deficiency, lofala m'madera a malungo kuphatikizapo kwathu kuno, makamaka kwa ana aamuna, ndipo makolo ambiri sadziwa kuti mwana wawo ali nalo. Kwa mwana wotere lawsone amatha kulowa pakhungu n'kuswa maselo ofiira a magazi. Mwana amene wapakidwa hina akayamba kufooka, maso kuchita chikasu, mkodzo kuda, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukawauze adokotala zomwe anapakidwa.