Ulendo wa RV ku Mapaki a M'mapiri a ku America: Mafunso ndi Mayankho pa Malamulo Ake

M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ku Malawi anthu akuwothera moto chifukwa cha chisanu, ku America imakhala nyengo yotentha, ndipo mabanja ambiri amanyamuka pa galimoto zogonamo, zimene kumeneko amazitchula kuti RV, kulowera ku mapiri a Rocky. Galimotozi zimakhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati mwake, moti munthu amatha kuganiza kuti poti nyumba wayenda nayo, aima ndi kugona paliponse pamene dzuwa lamulowera. Ku mapaki a boma sizili choncho. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza mapaki anayi amene anthu amakonda kuwalumikiza pa ulendo umodzi, omwe ndi Rocky Mountain ku Colorado, Grand Teton ndi Yellowstone ku Wyoming, ndi Glacier ku Montana.

Kodi chiphaso cha America the Beautiful n'chiyani, ndipo chimagwira ntchito yanji?

Ndi chiphaso cha chaka chathunthu cholowera m'mapaki onse oyendetsedwa ndi bungwe la boma loyang'anira mapaki la National Park Service komanso m'malo ena a boma lalikulu la dzikolo. Pa paki imene amalipiritsa potengera galimoto, chiphaso chimodzi chimalowetsa mwini wake pamodzi ndi onse amene ali m'galimotomo, ndipo pamene amalipiritsa munthu aliyense payekha chimalowetsa akuluakulu anayi. Ana osakwana zaka 16 salipira. Kwa nzika ndi anthu okhala ku America mtengo wake ndi madola 80. Popeza kulowa ku Yellowstone kokha ndi madola 35 pa galimoto kwa masiku asanu ndi awiri, ndipo ku Grand Teton ndi chimodzimodzi, amene akukaona mapaki atatu kapena anayi sakhala ndi chifukwa cholipirira pageti lililonse.

Chofunika kuchimvetsa msanga n'chakuti chiphasochi chimangotsegula geti. Sichilipira malo ogona, sichisungira munthu malo oimikapo galimoto, ndiponso sichipatsa galimoto yaikulu ufulu wodutsa msewu umene yaletsedwa.

Nanga mlendo wochokera kunja amalipira mofanana ndi eni dziko?

Kale zinali choncho, koma kuyambira pa 1 Januwale 2026 zinasintha. Munthu amene sakhala ku America tsopano amagula chiphaso cha chaka pa madola 250, ndipo ngati alibe chiphasocho amalipira madola 100 apadera, pamwamba pa mtengo wolowera, pa mapaki 11 amene amachezeredwa kwambiri. Mapaki anayi onse amene tikukambawa ali m'gulu limeneli. Ndalama yapaderayi ndi ya munthu aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, osati ya galimoto, choncho bambo ndi mayi amene alowa mapaki awiri okha opanda chiphaso amakhala atawononga madola 400 asanawerengere zina zonse. Amene akhazikika ku America ndipo akuitana makolo kapena abale kuchokera kumudzi ayenera kuwerengera zimenezi asanagule matikiti a ndege, ndipo iwo eni asaiwale kunyamula chitupa cha boma chokhala ndi chithunzi chosonyeza kuti amakhala m'dzikolo.

Palinso chiphaso cha achikulire a zaka 62 kupita m'tsogolo, cha madola 20 pa chaka kapena madola 80 moyo wonse, chimene chimatsitsanso ndi theka mtengo wa malo ena ogona, koma chimaperekedwa kwa nzika ndi kwa amene ali ndi chilolezo chokhazikika okha.

N'chifukwa chiyani funso loyamba kwa aliyense limakhala la kutalika kwa galimoto?

Chifukwa ulendo wonse umapendekera pamenepo, ndipo m'kuona kwanga ili ndi funso loyenera kuyankhidwa mapu asanatambasulidwe n'komwe. Misewu ndi malo ogona ambiri m'mapakiwa anamangidwa kale kwambiri, galimoto zisanakule msinkhu umene zili nawo lero. Yellowstone inakhazikitsidwa mu 1872, Glacier mu 1910, Rocky Mountain mu 1915, ndipo misewu yake yotchuka inasemedwa m'matanthwe cha m'ma 1930, pamene palibe amene ankaganiza za galimoto yotalika ngati basi.

Chitsanzo chachikulu ndi msewu wa Going-to-the-Sun ku Glacier, wa makilomita pafupifupi 80, umene umakwera mpaka pa Logan Pass pa mamita 2,026. Pakati pa Avalanche Creek ndi Rising Sun, galimoto yotalika kupitirira mafiti 21, omwe ndi mamita 6.4, kapena yotambalala kupitirira mafiti 8, omwe ndi mamita 2.4, siloledwa kudutsa. Poyeza amawerengera mabampala ndi magalasi a m'mbali omwe, ndipo ngati mukukoka ngolo amayeza zonse ziwiri pamodzi. Galimoto yopitirira mafiti 10 kuchoka pansi imathanso kukhula miyala yolendewera pamwamba pa msewu kumadzulo kwa Logan Pass. Tsono RV zambiri zobwereka zimakhala za mafiti 25 mpaka 30, kutanthauza kuti banja limene labwereka yotakasuka bwino limafika ku Glacier n'kupeza kuti msewu umene linadzera silingaudutse ndi galimoto yake. Chotsala ndi kuisiya kumunsi n'kukwera basi za pakiyo, kapena kuzungulira kum'mwera pa msewu waukulu wa U.S. 2 kuti mufike mbali inayo.

Ku Rocky Mountain, msewu wafumbi wa Old Fall River, umene galimoto zimangokwera osatsika, suloleza galimoto zopitirira mafiti 25 kapena zokoka ngolo. Ku Grand Teton, msewu wa Moose-Wilson ndi wotsekedwa kwa RV zikuluzikulu ndi ngolo. Malo ogona nawonso ali ndi muyeso wake, malo alionse payekha, ndipo amene analemba utali wochepa pofuna kupeza malo amangodzinamiza yekha, pakuti galimoto ikakana kulowa pakati pa mitengo iwiri palibe mlonda wa paki amene angamupezere pena mu Julayi. Anthu awiri kapena atatu angachite bwino kupirira kupanikizana m'galimoto yosapitirira mafiti 21, chifukwa kufupikako kumatsegula misewu imene ndalama sizingatsegule.

Malo ogona amasungitsidwa bwanji, ndipo liti?

Ambiri amasungitsidwa pa intaneti kudzera pa Recreation.gov, ndipo kawirikawiri amatsegulidwa kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti tsikulo lifike. Wofuna kugona pa 15 Julayi ayenera kukhala pa kompyuta pa 15 Januwale, nthawi yotsegulira isanakwane, chifukwa malo otchuka amatha m'mphindi zochepa. Ku Yellowstone kuli kusiyana kumene kumasokoneza ambiri: malo asanu, omwe ndi Madison, Canyon, Bridge Bay, Grant Village ndi Fishing Bridge, amayendetsedwa ndi kampani ya Yellowstone National Park Lodges, imene kwa zaka zambiri yakhala ndi tsamba lake ndipo yakhala ikutsegula kalembera msanga kuposa pamenepa. Ndi nzeru kuyamba kusungitsa malo ovuta kupeza, kenako n'kumanga masiku ena onse mozungulira amenewo.

Kodi pa malowo pamakhala magetsi ndi madzi?

Pa ochepa okha. Mu Yellowstone monse, Fishing Bridge ndi malo okhawo amene RV imalumikizidwa ku magetsi, madzi ndi paipi yotayira zonyansa, ndipo kumeneko salola matenti kapena ngolo za makoma a nsalu chifukwa cha zimbalangondo. Ku Grand Teton zoterezi zimapezeka ku Colter Bay. M'malo ena ambiri mumadalira batire ndi mathanki anu. Jenereta imaloledwa pa malo ena okha komanso pa maola oikika, monga ku Yellowstone kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Madzi otsukira mbale ndi a m'chimbudzi amatayidwa pa malo omangidwira ntchitoyo, osati pansi kapena mumtsinje.

Tikasowa malo, kodi tingagone pamalo oimikapo galimoto kapena m'mbali mwa msewu?

M'kati mwa paki ayi. Kugona m'galimoto kunja kwa malo ovomerezeka ndi mlandu wa chindapusa, ndipo alonda amayendera usiku. Kunja kwa malire a paki nkhani imasintha, chifukwa mapakiwa azunguliridwa ndi nkhalango za boma zoyang'aniridwa ndi Forest Service, monga Bridger-Teton pafupi ndi Grand Teton ndi Flathead pafupi ndi Glacier. M'madera ambiri a nkhalangozi munthu amaloledwa kuima ndi kugona kwaulere, kwa masiku owerengeka amene nkhalango iliyonse imadziikira, koma kulibe mpopi, chimbudzi kapena potaya zinyalala, ndipo misewu yake ndi yafumbi ndi yokumbika. Apanso galimoto yaifupi ndi imene imapindula. M'kati mwa Yellowstone namonso muli malire a masiku ogona, pakuti kuyambira pa 1 Julayi mpaka Lolemba loyamba la Seputembala munthu sapitirira masiku 14, kupatula ku Fishing Bridge.

Kodi kukhala ndi chiphaso kukutanthauza kuti tilowa nthawi iliyonse?

Osati paliponse. Kuyambira mu 2020, Rocky Mountain imafuna kuti m'miyezi ya chipwirikiti galimoto yolowa masana ikhale ndi tikiti yosonyeza ola lolowera, yogulidwa pa Recreation.gov. Mapaki ena amayesa dongosolo lotere chaka china n'kulisiya chaka chotsatira, choncho tsamba la paki iliyonse liwerengedwe m'chaka chenicheni cha ulendo.

Misewu ya pamwamba imatsegulidwa liti?

Kumeneku n'kumene kalendala imanyenga. Msewu wa Trail Ridge ku Rocky Mountain umafika mamita 3,713, kupitirira nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita oposa 700, ndipo umatsegulidwa chakumapeto kwa Meyi n'kutsekedwa cha mu Okutobala. Going-to-the-Sun, ngakhale uli wotsikirapo, uli kumpoto kwambiri, ndipo ntchito yochotsa chipale chofewa pa Logan Pass imatha chakumapeto kwa Juni, zaka zina mpaka mu Julayi. Pa chifukwa chimenechi ulendo wautali umayenda bwino ukayambira kum'mwera ku Colorado n'kumakwera kumpoto, kuti Glacier ikhale yomalizira. Pamwamba chotere injini imachepa mphamvu, munthu amapuma movutikira masiku oyamba, ndipo usiku kumatha kuzizira mpaka madzi kuundana ngakhale pakati pa nyengo yotentha. Potsika, galimoto yolemera imayendetsedwa ndi giya yotsika, chifukwa kupondereza mabuleki mtunda wautali kumawatenthetsa mpaka kusiya kugwira. Mu Yellowstone liwiro silipitirira mamailosi 45 pa ola, ndipo njati zikaganiza zoyenda pamsewu, mtunda wooneka waufupi pa mapu umadya theka la tsiku.

Kodi pamafunika laisensi yapadera?

RV zobwereka zambiri zimayendetsedwa ndi laisensi wamba ya galimoto yaing'ono, ndipo malamulo apadera m'zigawo zina amayambira pa galimoto zolemera kupitirira mapaundi 26,000. Makampani obwereketsa ali ndi malamulo awoawo a zaka za dalaivala ndi za laisensi zakunja, ndipo ena amalipiritsa pa mailosi iliyonse. Wozolowera misewu ya ku Malawi, Zambia kapena Britain akumbukire kuti kumeneko amayenda kumanja, ndipo ndi bwino kuzolowera zimenezi kuchigwa asanakumane ndi makona a m'phiri.

Malamulo okhudza nyama ndi otani?

Ku Yellowstone ndi Grand Teton munthu ayenera kutalikirana ndi zimbalangondo ndi mimbulu mayadi 100, pafupifupi mamita 91, ndipo ndi nyama zina zonse mayadi 25. Njati zimaoneka zofatsa ngati ng'ombe za kubusa, koma zavulaza anthu ambiri ku Yellowstone kuposa nyama ina iliyonse. Chakudya, miphika, mbale, zinyalala ndi chilichonse chonunkhira, ngakhale sopo, zimatsekeredwa m'galimoto ya makoma olimba kapena m'bokosi lachitsulo la pamalopo nthawi zonse pamene sizikugwiritsidwa ntchito. Lamuloli limateteza nyamayo kuposa mwini chakudya, pakuti chimbalangondo chimene chalawa za anthu chimabwereranso, ndipo nthawi zambiri chimathera kuphedwa. Mankhwala opopera othamangitsira zimbalangondo amagulidwa konko, chifukwa saloledwa m'ndege. Agalu amakhala pa chingwe ndipo sayenda m'tinjira ta m'nkhalango, pamene kuulutsa tindege topanda munthu tojambulira n'koletsedwa m'mapaki onse kuyambira mu 2014.

Tikafika ku Glacier, kodi tingapitirire mpaka ku Canada?

Glacier imagundana ndi paki ya Waterton Lakes ku Alberta, ndipo ziwirizi zinaphatikizidwa mu 1932 kukhala paki ya mtendere ya mayiko awiri, koma malire akadali malire. Viza ya America siilowetsa munthu ku Canada, chiphaso cha America the Beautiful sichigwira ntchito kumeneko, ndipo kampani imene mwabwerekako galimoto iyenera kuvomereza kuti ituluke m'dziko, inshuwalansi yake ikugwirabe ntchito kutsidyako.