Mbiri ya mneni wa Chingerezi wakuti "pay"

Mneni wa Chingerezi wakuti "pay", umene lero umatanthauza kulipira, unachokera ku liwu la Chilatini lakuti "pax", kutanthauza mtendere. Kuchokera ku liwuli Aroma anapanga mneni wakuti "pacare", kukhazikitsa bata, ngakhale kuti nthawi zambiri bata lakelo silinali la kukambirana. Mkulu wa asilikali akalengeza kuti dera lina lakhala pa mtendere, ankatanthauza kuti waligonjetsa ndi lupanga ndipo eni dziko agwa mphwayi.

Ufumu wa Roma utagwa, mneniwu unalowa mu nkhani za ngongole, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Munthu amene wakongoza mnzake ndalama sakhala chete. Amabwera m'mamawa, kuima pakhomo, kulankhula mokweza mpaka oyandikana nawo onse adziwe, ndipo amabwerera kwawo mtima uli m'malo pokhapokha akalandira zake. Choncho kumupatsa ndalamazo kunali kumutonthoza, ndipo patapita nthawi anthu anaiwala za kutonthozako n'kutsala ndi kupereka ndalama kokha. Matchulidwe nawonso anasintha: m'Chitaliyana muli "pagare", m'Chisipanishi ndi m'Chipwitikizi muli "pagar", liwu limene limamveka m'misika ya ku Tete mpaka lero, pamene m'Chifalansa chakale linafewa kwambiri n'kukhala "paier".

Ku England liwuli linafika kudzera mwa anthu a ku Normandy, dera la kumpoto kwa France. Mtsogoleri wawo William atapambana nkhondo ya ku Hastings mu 1066 n'kulanda England, Chifalansa chinakhala chinenero cha mafumu, eni minda ndi mabwalo a milandu, ndiye sizodabwitsa kuti liwu lokhudza msonkho ndi ngongole linatengedwa kwa olamulirawo. Limapezeka m'zolemba za Chingerezi kuyambira cha m'ma 1200, ndipo poyamba linali ndi matanthauzo onse awiri, kusangalatsa munthu ndi kumulipira, koma loyambalo linazimiririka pofika cha m'ma 1500. Mawu akuti "peace" ndi "appease" nawonso anachokera ku liwu lomwe lija lakuti "pax".

Angerezi anali ndi mneni wawowawo wa kulipira asanabwere alendowa. M'Chingerezi chakale ankati "gieldan", liwu lachibale ndi "Geld" la Chijeremani, kutanthauza ndalama. Silinafe, koma linalandidwa ntchito, ndipo lero ndi lija lakuti "yield", limene amanena pofotokoza zokolola za m'munda kapena kugonja kwa munthu pa mkangano.