Palibe jakisoni wofewetsa nyama ya ng'ombe

Ndatopa nalo funso limene alimi amandifunsa akatsala pang'ono kugulitsa ng'ombe: "Adokotala, kodi pali jakisoni woti ng'ombe inenepe msanga, nyama ifewe?" Jakisoni woti n'kufewetsa nyama kulibe, ndipo amene akukulonjezani zimenezo akungofuna ndalama zanu.

Ubwino wa nyama umayambira pa nkhunzi imene munasankha. Mitundu ngati Angus ndi Wagyu imasunga mafuta m'kati mwa mnofu weniweniwo, n'chifukwa chake nyama yake imakoma, pamene ng'ombe za linunda ngati Brahman zimapirira kutentha ndi nkhupakupa koma nyama yake imakhala yolimbirapo. Chakudya chimangotulutsa zimene mtunduwo uli nazo kale. Msinkhu nawonso uli ndi gawo, chifukwa ng'ombe ikakalamba mitsempha ya mu mnofu imakhwima. Za mafuta achikasu musadere nazo nkhawa, nthawi zambiri si matenda, ndi chizindikiro chakuti ng'ombeyo inkadya msipu wobiriwira.

Pali nkhani imene imandiwawabe mumtima. Mlimi wina anali ndi ng'ombe zofula zimene zinakulira pa udzu wokha, ndipo pofuna kuti zinenepe mofulumira anazithirira chimanga chogaya chodzaza chodyeramo tsiku limodzi. Chifu cha ng'ombe sichilandira kusintha kotere mwadzidzidzi, popeza tizilombo tothandiza kugaya chakudya timafuna masabata awiri kapena atatu kuti tizolowere. Chimangacho chinasasa m'mimba, asidi anachuluka, ng'ombe zinaleka kubzikula n'kuyamba kutsekula m'mimba. M'malo moitana dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, iye anaitana munthu woyenda ndi mankhwala m'chikwama, amene anazibaya osafunsa n'komwe kuti zadya chiyani. Pamene ndinkafika patapita masiku awiri, imodzi inali itafa kale, ndipo zimene zinapulumuka zinatsala zikutsimphina. Akanandiitana m'mawa woyamba, mwina tikanazipulumutsa zonse.

Chonde, ng'ombe ikangoleka kudya kapena mimba ikatupa, musadikire kuti kuche. Musaphenso ng'ombe yobayidwa mankhwala masiku olembedwa pa botolo asanakwane, chifukwa mankhwalawo amatsalira mu nyama n'kulowa m'thupi la anthu. Ndipo patsiku lopha musaimenye kapena kuithamangitsa, chifukwa ng'ombe yotopa ndi yamantha imatha shuga wa mu mnofu, nyama yake imada ndipo siichedwa kuwonongeka.