Chisanu cha ku Johannesburg: samalani ndi utsi ndi mbaula

Abale amene tili kuno ku Joni, June akafika tayang'anani m'mamawa cha ku Alexandra, Diepsloot kapena Soweto. Utsi wotuwa umayala pamwamba pa madenga, osasuntha. Ndi umene ana athu amapuma popita kusukulu.

Mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 ndi naitirojeni, 21 ndi okosijeni amene thupi limafuna. Mzinda uno uli pokwera mamita pafupifupi 1,750, kuposa Lilongwe ndi mamita ngati 700, ndiye mpweya wake ndi wopepukirapo. N'chifukwa chake obwera kumene amachita befu akangokwera masitepe awiri atatu.

Masiku ambiri mpweya wa pansi ndi umene umakhala wofunda, ndipo umakwera n'kupita nawo utsi. M'chisanu zimatembenuka. Usiku wopanda mitambo nthaka imazizira msanga, mpweya wozizira n'kukhazikika pansi, wofunda n'kukhala pamwamba pake ngati chivundikiro pa mphika. Utsi wa malasha, nkhuni, matayala owotchedwa ndi magalimoto umasowa kotulukira mpaka dzuwa litakwera. Mphepo ya mu August nayo imabwera ndi fumbi la milu ya m'migodi. Amene amavutika koyamba ndi makanda, okalamba, amayi oyembekezera, odwala mphumu ndi amene anadwalapo chifuwa chachikulu.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi cha m'nyumba. Munthu waweruka ku ntchito, zala zauma ndi kuzizira, magetsi palibe. Walowetsa mbaula m'kachipinda ka malata, watseka chitseko, mipata yonse watsekera ndi zisanza. Makala akamanyeka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka, wosanunkha. Magazi amaugwira mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, choncho munthu amabanika akupuma ndithu. Ngakhale makala ofiira bwino, opanda utsi, amautulutsa. Chitofu cha parafini ndi jenereta nazonso chimodzimodzi.

Zizindikiro zake zimanamiza: mutu, chizungulire, nseru, kufooka, tulo tosaletseka. Ambiri amangoti ndi chimfine n'kufunda bulangete. Mukaona kuti nonse m'chipindamo mutu ukukupwetekani nthawi imodzi, ndipo mukatuluka panja mukupezako bwino, ndi umenewo. Tsegulani chitseko, tulutsani aliyense, ngakhale amene akuoneka ngati wagona tulo tabwino. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 kuitana ambulansi. Musachedwe ndi kumumwetsa mkaka. Mkaka suchotsa poizoniyu, mankhwala ake ndi okosijeni wa kuchipatala. Wokomoka musamupatse chakumwa chilichonse.

Mbaula ikolezereni panja, muwothe muli maso, zenera lili lotsegula pang'ono, ndipo muitulutse musanagone. Ngati mumagwiritsa ntchito malasha, yesani njira imene eni dziko amaitcha Basa njengo Magogo: malasha pansi, mapepala ndi tinkhuni pamwamba, timalasha tochepa pamwamba pake, n'kuyatsira kumwamba. Utsi umachepa kwambiri. Jenereta ikhale panja, kutali ndi mawindo.

Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, kapena milomo itasintha mtundu, chikhoza kukhala chibayo. Pitani naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Wamkulu akamangotsokomola kwa masabata awiri, akayezetse makhololo.