Kusintha Linux ya pa fulashi osataya zanu

Pali mitundu ya Linux, sisitimu yoyendetsa kompyuta monga ilili Windows, yomwe simafunika kuikidwa mu hard disk. Imakhala pa fulashi, ndipo mukailowetsa m'kompyuta iliyonse n'kuyatsa, makinawo amadzuka ndi mapulogalamu anu komanso mafayilo anu. Puppy Linux, yomwe Barry Kauler wa ku Australia anayambitsa mu 2003, ndi imodzi mwa yodziwika kwambiri. Palinso Slax, antiX, Tiny Core ndi Tails. Yambiri mwa iyi ndi yopepuka moti imayendetsa makompyuta akale omwe Windows yamakono inawakana kalekale. Mavuto amayamba mtundu watsopano ukatuluka, munthu n'kuthamangira kuuponda pamwamba pa wakale.

Muyenera kudziwa kaye mmene zinthu zakhalira pa fulashipo. Titenge Puppy. Sisitimu yeniyeniyo ili m'mafayilo ochepa chabe: vmlinuz, yomwe ndi kernel (mtima wa sisitimu), initrd.gz, ndi mafayilo othera ndi .sfs. Mafayilo a .sfs ndi owerenga kokha, salembedwamo kanthu. Chilichonse chomwe inu mwasintha, kaya ndi pasiwedi ya Wi-Fi, pulogalamu yomwe munawonjezera kapena kalata yomwe munalemba, chimapita kwina, mu save file kapena save folder. Kompyuta ikamayaka imasanjikiza ziwirizi, zanu pamwamba, ngati pepala loonekera mkati lomwe mwaliyala pa tsamba la buku n'kulembapo. Fayilo ikapezeka pansi ndi pamwamba pomwe, yapamwambayo ndi imene imagwira ntchito.

Apa ndi pamene pagona ngozi. Tiyerekeze kuti chaka chatha munaika pulogalamu yomwe inabwera ndi timafayilo take tothandizira. Timafayiloti tili mu save file. Mukasintha sisitimu yapansi, timafayilo takale tija timaphimba tatsopano, ndiye browser imakana kutseguka, mawu samveka, mwinanso sikirini imangoda bii. Ambiri amati mtundu watsopanowo ndi wosweka, chonsecho wolakwa ndi save file yawo. N'chimodzimodzi mukasakaniza vmlinuz yatsopano ndi fayilo yakale ya zdrv, imodzi mwa mafayilo a .sfs aja: madiraiva (timapulogalamu toyendetsa zipangizo) a mu zdrv anapangidwira kernel imodzi yokha, choncho ziwirizi zimasinthidwa limodzi.

Choyamba, koperani save file n'kuisunga pa chinthu china, osati pa fulashi yomweyo. Musaikopere pamene ikugwira ntchito, chifukwa mutha kutenga fayilo yolembedwa theka. Yatsani Puppy ndi lamulo la pfix=ram, lomwe limauza makina kuti asakhudze save file, kapena lowetsani fulashiyo m'kompyuta ina. Mukakopera, onani ngati kukula kwa fayiloyo kukufanana ndi koyambako.

Mtundu watsopano umabwera mu fayilo imodzi ya ISO. Fayiloyi itengeni pa tsamba la eni ake, ndipo yerekezani checksum yake (nambala yowerengedwa kuchokera m'kati mwa fayiloyo), monga SHA256, ndi yomwe iwo alemba. Intaneti ikadukaduka, fayilo imatha kuoneka yathunthu pomwe mkati ndi yowonongeka. Komabe checksum ili ndi malire. Mu February 2016 akuba pa intaneti analowa tsamba la Linux Mint n'kulozera anthu ku ISO yomwe anaikamo pulogalamu yoipa. Wolanda tsamba athanso kusintha nambala yolembedwa pamenepo, n'chifukwa chake pomwe eni ake apereka siginecha ya GPG, yotsimikizira kuti fayiloyo yachokeradi kwa iwo, monga amachitira a Tails, ndi bwino kuifufuzanso.

Tsopano gawo lomwe ine ndimalimbikira: chatsopano chiikeni pambali pa chakale. Pangani foda yatsopano pa fulashi, tsegulani ISO ija, koperani vmlinuz, initrd.gz ndi mafayilo onse a .sfs m'fodamo, kenako wonjezerani mzere wolozera ku fodayo mu menyu yoyatsira, yomwe ndi menu.lst ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yoyatsira ya Grub4DOS, kapena grub.cfg. Poyatsa muzisankha nokha, chakale kapena chatsopano. Musagwiritse ntchito balenaEtcher, Rufus kapena lamulo la dd pa fulashi yomwe ili ndi zanu. Zida zimenezi zimalemba fulashi mwatsopano, ndipo save file imapita nazo.

Ulendo woyamba yatsani chatsopanocho ndi pfix=ram. Yesani Wi-Fi, mawu, kiyibodi, pulinta. Ngati kompyuta ndi yakale kwambiri, ya 32-bit, ISO ya 64-bit siyaka n'komwe, ndipo kuli bwino kuzidziwira pano.

Nanga save file yakale ija muipititse kwatsopanoko? Ngati ndi kusintha kwakung'ono m'banja lomwelo, yesani ndi yokopera, yoyambayo ikhale osakhudzidwa. Koma kuchoka pa BionicPup, yomangidwa pa Ubuntu 18.04, kupita pa FossaPup ya Ubuntu 20.04, kapena pa BookwormPup ya Debian 12, ndi ulendo wautali. Pamenepo yambani save file yatsopano. Samutsani makalata, zithunzi ndi ma bookmark okha, mapulogalamu muikenso. Zimadya nthawi, inde, koma zimaposa kusakasaka kafayilo kamodzi kobisala komwe kakusokoneza zonse. Kumbukiraninso kuti pa fulashi yofomatidwa m'njira ya FAT32 fayilo imodzi singapitirire 4 GB, ndipo save folder imafuna fulashi yofomatidwa m'njira ya Linux, monga ext4.

Tails ili ndi njira yakeyake. Nthawi zambiri ikalumikizidwa ku intaneti imakuuzani za mtundu watsopano n'kudzisintha yokha mukavomera, ndipo chofunika ndi kusaidula pakati: laputopu ikhale pa chaja, fulashi isagwedezeke. Zikakanika, mumaika Tails yatsopano pa fulashi ina, n'kugwiritsa ntchito Tails Cloner kusintha yakaleyo. Sankhani Upgrade, pakuti kuikanso mwatsopano kumafufuta Persistent Storage yonse, komwe Tails imasunga zanu.

Tibwerere ku Puppy: foda yakale ija musafulumire kuifufuta. Zolakwika zina zimaonekera patapita masabata, tsiku lomwe mwafuna sikana kapena pulojekita yomwe simuigwiritsa ntchito kawirikawiri. Malo akachepa pa fulashi, samutsirani fodayo pa hard disk pamodzi ndi save file yake, ndipo pa dzina la fodayo lembanipo mtundu wa Puppy womwe ulimo.