Ankasaka mabomba, anapeza kung'anima kwa kuthambo

M'chaka cha 1963, mayiko a United States, Britain ndi Soviet Union anasainirana pangano loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya mumlengalenga, m'madzi ndi kuthambo. Koma pangano la anthu osakhulupirirana limafuna mlonda. Choncho dziko la United States linaponya kuthambo masetilaiti otchedwa Vela kuti likhale tcheru, mwina wina n'kuphulitsa bomba mozemba. Bomba lotere limatulutsa cheza cha gamma, kuwala kwamphamvu zedi kosaoneka ndi maso. Mpweya wokuta dziko lathu umatchinga cheza chimenechi, ndiye wofuna kuchigwira ayenera kukweza makina ake pamwamba pa mpweyawo.

Pa 2 Julayi 1967, masetilaiti aja anagwira kung'anima kwa gamma kosafanana ndi kwa bomba lililonse. Wasayansi Ray Klebesadel ndi anzake a kumalo ofufuzira a Los Alamos ku United States anafatsa nayo nkhaniyi mpaka 1973, pamene analengeza kuti aona kung'anima kotereku maulendo 16, ndipo sikukuchokera padziko pano kapena kudzuwa.

Nanga kukuchokera kuti? Mkangano unayambira pamenepa ndipo unatha zaka zoposa 20. Ambiri ankati gwero lake lili mumlalang'amba wathu womwewu. Maganizo awo anali omveka: ngati chinthucho chili kutali kwambiri koma n'kumawalabe chonchi, ndiye kuti mphamvu yake ndi yosaneneka. Chovuta chinali chakuti kung'animako kumabwera mosayembekezereka, kumatha m'masekondi ochepa, ndipo makina a nthawiyo sankatha kuloza bwinobwino pamene kwachokera. Akatswiri akamatembenuza matelesikopu awo, ankapeza kuli zii.

Mu 1991 bungwe la NASA linatumiza kuthambo setilaiti ya Compton Gamma Ray Observatory, yokhala ndi chipangizo chotchedwa BATSE. M'zaka zisanu ndi zinayi chinagwira kung'anima koposa 2,700, kochokera mbali zonse mofanana. Mlalang'amba wathu ndi wophwatalala ngati mbale, ndiye kukanakhala kuti kukuchokera m'menemo, kukanaunjikana mu mzere umodzi. Komabe ena sanagonje. Mu Epulo 1995 ku Washington kunachitika mtsutso wapoyera wa asayansi awiri: Bohdan Paczyński akuti n'kutali kunja kwa mlalang'amba wathu, Donald Lamb akuti n'kumphepete kwa mlalang'amba wathu. Anabalalika aliyense ali ndi mfundo yake.

Amene anadula mlandu ndi setilaiti ya Italy ndi Netherlands yotchedwa BeppoSAX, ndipo luso lake linali kuloza malo molondola komanso mwachangu. Pa 28 Febuluwale 1997 inaloza malo msanga, asayansi n'kupeza kuwala kotsalira kusanazilale, ngati makala moto utazima. Kung'anima kwina kwa pa 8 Meyi chaka chomwecho kunapimidwa ndi telesikopu ya Keck ku Hawaii, ndipo zinadziwika kuti kuwala kwake kwayenda zaka mabiliyoni. Paczyński ankanena zoona.

Lero ntchitoyi ikugwiridwa ndi masetilaiti monga Fermi, imene inaponyedwa mu 2008. Kung'anima kopitirira masekondi awiri kawirikawiri kumachokera ku nyenyezi yaikulu imene yafa n'kudzigwera mkati. Kwakufupi kawirikawiri kumachitika nyenyezi ziwiri za neutron (zotsalira zazing'ono koma zolemera zedi za nyenyezi zakufa) zikawombana, ndipo umboni wake unapezeka pa 17 Ogasiti 2017, pamene Fermi inaona kung'anima patangopita masekondi osakwana awiri makina a LIGO, amene ali padziko pano ndipo amapima mafunde a mphamvu yokoka, atamva kugunda kwa kuwombanako.